Mbalame za ku Marromeu ndi Madzi a Zambezi

Mwandipempha kuti ndifotokoze za ulendo wathu wokaona ndi kujambula mbalame ku Marromeu, m'chigawo cha Sofala, kumene Zambezi amagawikana mitsinje yambiri asanathire m'nyanja yamchere.

Tinachoka ku Caia pa galimoto m'chilimwe, chifukwa nthawi ya dzinja matope a kumeneko salola. Mukapitirira Chupanga, pamene pali manda a Mary Livingstone amene anamwalira mu 1862, mumafika m'minda ya nzimbe, kenako dziko limangoti see, dambo lokhalokha mpaka kumene maso alekezera. Akakowa, atsekwe ndi nkhwazi simuchita kufunafuna. Njati ndiye zimakhala kutali, mkati mwa dambo.

Kujambula kwake nkofuna mtima wodekha. Musatsike m'galimoto ayi. Mbalame siiopa galimoto yoima, koma ikangoona miyendo ya munthu, basi yapita. Zimitsani injini, tsitsani galasi, tsamiritsani kamera pazenera, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. M'mawa ndiye nthawi yake. Masana zithunzi zimatuluka zoyezuka. Inu a foni musataye mtima, ngakhale kuti kakowa wanu adzaoneka ngati kambewu ka mpunga.

Koma imene tinaitsatira ndi mbalame ina yaitali ngati munthu wamkulu, yotuwa, ya khosi loyera, yokhala ndi tinyama tiwiri tolendewera kukhosi. Pa Chipwitikizi amati grou-carunculado. Tinaona ziwiri zokha, zikukumba m'matope, ndipo palibe analankhula m'galimotomo. Mbalameyi imadya timizu ta udzu wa m'dambo, imamanga chisa pakati pa madzi osaya kuti zilombo zisafikepo, ndipo imalera mwana mmodzi yekha. Ndiye kuti moyo wake wonse wadalira kusefukira kwa mtsinje pa nyengo yake.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Tete. Kuyambira 1974, pamene anatseka damu la Cahora Bassa, madzi amatsika malinga ndi kufunika kwa magetsi, osati malinga ndi mvula. Kumtunda kwake kulinso Kariba, la mu 1959. Zaka zambiri dambo silinyowa mokwanira, limauma msanga, moto nkulowa. Asodzi ndi alimi a m'mbali mwa mtsinje akulira chimodzimodzi, pakuti nsomba zimaswana m'madzi osefukira omwewo, ndipo ndi madziwo amene ankasiya chonde m'madimba. Magetsi tikuwafuna, sindikukana. Koma ine ndikuona kuti kutsegulako madzi pa nthawi yake yakale, anthu atachenjezedwa bwino pa wailesi, si pempho lopambanitsa.

Mu 2004 dera la Marromeu linalembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, loyamba m'dziko lathu lino. Amene mukufuna kuona zithunzi, zili kwa alembi. Muzigwira m'mbali, manja ali ouma.