GOLIDI WA PA COLEMBERA CA MTENGO

Nkhani ya madzulo ano iri ya amisiri amene asema zolembera za mtengo, ndiponso ya anthu amene agula zolemberazo.

Palabana ndi malo a m'boma la Chongwe, kufupi ndi Lusaka, amene anachuka ndi sukulu yophunzitsa kuweta ng'ombe za mkaka. Mmisiri wa matabwa wokhala malo otere ayang'ana ku mzinda pofuna malonda. Akatha kupanga citseko kapena tebulo la mlombwa, umene ambiri auchula mukwa, pansi patsala tizidutswa timene kawiri-kawiri tithera pa moto. Koma kacidutswa ka mainchi asanu kakwanira colembera cimodzi, ndipo colembera cosemedwa bwino cikhoza kugulidwa ndi munthu wofuna mphatso ya mphunzitsi, kapena ya mnzace wopuma nchito ya mgodi.

Zitsulo za colemberaco mmisiri sapanga yekha. Zifika m'kathumba kucokera kunja, makamaka ku Taiwan ndi ku China. M'kathumbamo muli nsonga, mphete ya pakati, kopanira pa thumba la malaya, timipope tiwiri, ndi kacitsulo kotulutsa ndi kubweza inki. Iye aboola thabwa, namatamo timipope, nalizunguza pa makina alikulipala, kufikira lisalala. Pomariza alowetsa zitsulo zija. Tsono pa mndandanda wa wogulitsa zitsulo, mtundu umodzi womwewo wa colembera ulembedwa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi: wa golidi wa makarati 24, wa golidi wosakaniza, wa kromu, wa titaniyamu, wa rodiyamu, wa mkuwa. Kodi mmisiri asankhe uti?

Coyamba adziwe kuti pafupi-fupi zonsezi m'kati mwace ndi brasi, ndiye mkuwa wosungunulidwa pamodzi ndi zinki, citsulo cija cinali kukumbidwa ku Kabwe kufikira mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994. Dzina la pa mndandanda linena za cikuto ca pamwamba cokha. Cikutoco n'copyapyala kwambiri. Tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwace kuli ngati mamaikroni 70, koma golidi wa pa zinthu zochipa kawiri-kawiri safika ngakhale maikroni imodzi.

Amuna a ku migodi sadzabvutika kumva makutidwe ace, pakuti ndi nzeru yomweyo ya nyumba ya matanki koyengera mkuwa ku Mufulira. Kumeneko magetsi asungunula mkuwa wa zitsotso m'madzi a asidi, naunyamula pang'ono-pang'ono kukaumata pa cipepala ca citsulo ca mbali yinayo, uli woyera. Wokuta zitsulo acita cimodzi-modzi. Apacika nsonga za zolembera m'madzi mmene mwasungunuka golidi kapena kromu, nayatsa magetsi. Kusiyana kwace n'kwakuti woyenga adikira masiku ambiri kuti mkuwa unenepe, pamene wokuta azimitsa magetsi patapita timphindi towerengeka. Anayamba nzeruyi ndi Luigi Brugnatelli wa ku Italy m'caka ca 1805, ndipo a banja la Elkington a ku Birmingham anaisandutsa malonda kuyambira 1840.

Golidi wa makarati 24 ndiye golidi weni-weni wosasakaniza, ndipo ndiye akopa maso a wogula msanga. Koma apa pali msampha. Golidi woyera ndi wofewa. Kuti asacoke msanga, opanga apakapo vanisi woonekera, ndipo cimene cala cikhudza ndi vanisiyo. Colembera cikhala m'thumba pamodzi ndi makiyi ndi makobidi, cigwidwa ndi dzanja la thukuta, cigwa pa simenti. Vanisi akatha, golidi atsata m'mbuyo, ndipo citsulo ca pansi cionekera, kuyambira pa nsonga pogwira zala ndi m'mphepete mwa kopanira. Thabwa la mlombwa likali lokongola monga tsiku loyamba, koma colembera caoneka cakale. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Golidi wosakaniza aposa pamenepo. Makarati 10 atanthauza kuti pa magawo 24, magawo 10 okha ndiwo golidi, otsalawo ndi zitsulo zina zoumitsa. Opanga ena athira kobalti pang'ono m'madzi okutira, ndipo golidi atuluka wolimba koposa woyera uja. Kobalti ndi citsulo cimene cipezeka pamodzi ndi mkuwa m'miyala ya ku Nkana ndi ku Chambishi. Ngakhale atero, golidi wosakaniza nayenso aperepeseka, kungoti acedwa.

Kromu ndiye bwenzi la mmisiri wosauka. Aliyense amdziwa pa zigwiriro za njinga ndi pa mipope ya madzi. Ndi woyera ngati siliva, wolimba, sada, ndipo ndalama zace ziri pafupi ndi za golidi wochipa uja. Miyala yace ikumbidwa ku South Africa ndi ku Shurugwi m'Zimbabwe. Pansi pa kromu opanga ayamba ayala nikelo, citsulo cimene cipezekanso ku Munali pafupi ndi Mazabuka. Anthu ena khungu lao lidana ndi nikelo, liyabwa ndi kufiira. Cifukwa cace wogula wotere apewe zolembera zokutidwa ndi nikelo pamwamba peni-peni.

Wofuna maonekedwe a golidi pamodzi ndi kulimba asankhe cimene ogulitsa acichula golidi wa titaniyamu. Mphamvu yace siicokera ku golidi ai. Icokera ku titaniyamu wophatikana ndi mpweya wa naitrojeni, amene amatidwa pa citsulo m'cipinda copopedwa mpweya, osati m'madzi. Amisiri a makina acidziwa cikuto cimeneci, pakuti ndico cacikasu cija cioneka pa zoboolera zitsulo zogulidwa m'sitolo. Cinthu copangidwira kuboola citsulo siciopa makiyi a m'thumba. Palinso titaniyamu wakuda, amene ayenerana bwino ndi thabwa lofiira.

Pamwamba pa zonse pali rodiyamu, mbale wace wa platinamu, amene William Hyde Wollaston anamtulukira m'caka ca 1804. Ndi woyera mbuu, sacita dzimbiri, sada, ndipo ndi wolimba. Wocuruka wa pa dziko lonse acokera ku migodi ya South Africa, monga ya ku Rustenburg. Ndi citsulo cosowa kwambiri, kotero kuti m'caka ca 2021 mtengo wace unaposa wa golidi kakhumi ndi kupitirira. Cikuto ca rodiyamu ciyenera colembera ca thabwa losowa ngati phingo, cimene munthu adzacisunga moyo wace wonse.

Nanga mkuwa, cuma ca dziko la Zambia? Colembera ca mukwa cokutidwa ndi mkuwa cikondweretsa mtima wa munthu amene anagwira nchito pansi pa mgodi. Koma mkuwa ndi wofewa, ndipo ukakhudzana ndi mpweya ndi thukuta uda, monga zicita zibangiri. Wogula ayenera kuuzidwa zimenezi asanapereke ndalama, kuti kudako adzakuone ngati cikhalidwe ca mkuwa, asadzati ananyengedwa.

Cikuto cikatha, mmisiri sakhoza kucibwezera pa msasa pace. Madzi okutira golidi kawiri-kawiri ali ndi sayanaidi, ciphe coopsya, ndipo okutira kromu aononga mapapo ndi khungu. Nchito imeneyo iri ya mafakitale okha. Motero kusankha kucitika kamodzi, pogula kathumba kaja. Ndipo golidi akasupuka, wogula sadziwa dzina la fakitale ya ku Taiwan. Adziwa mmisiri wa ku Palabana amene anamgulitsa, ndipo ndiye amene adzamneneza kwa anzace. Ndalama zocepa zimene mmisiri anapulumutsa pogula zitsulo zochipa adzazilipira ndi dzina lace.

Langizo tsono ndi ili. Colembera ca nchito ya tsiku ndi tsiku, ca kalaliki kapena kapitao, cikhale ca kromu. Ca mphatso cikhale ca titaniyamu kapena rodiyamu, ndipo ndalama zace zikwere poyera. Golidi wa makarati 24 asungidwire colembera cokhala m'bokosi kapena pa tebulo. Wogula afunse dzina la cikuto asanagule. Akagula, acipukute ndi kansaru kofewa kokha, osati ndi phulusa, mcenga kapena mankhwala owalitsira brasi, pakuti zimenezo zicotsa m'kamphindi golidi amene akadakhala caka cathunthu.

Nkhani ya madzulo ano yathera pomwepa.