CAKA CATSOPANO CA KU CHINA NDI ULENDO WA KU MUDZI

Munthu wa ku Petauke kapena ku Nyimba amene agwira nchito ku migodi adziwa bwino m'mene komboni imakhalira Khirisimasi ikayandikira. Anthu amanga katundu, mabasi a Kum'mawa adzaza, apaulendo atsika pa ulalo wa Luangwa kugula nsomba zouma, nagulanso nthoci pa Nyimba. Nkhani ya madzulo ano iri ya dziko la China, kumene ulendo wotere umacitikanso, koma moposa muyeso.

Anthu a kumeneko amawerenga caka ca makolo ao potsata mwezi. Cifukwa cace Caka Catsopano sicigwa tsiku limodzimodzi zaka zonse, koma pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, pokhala mwezi. Madyerero amatha masiku 15, natsirizika ndi usiku wa nyali.

Mzinda wa Shenzhen, pafupi ndi Hong Kong, unali kamzinda kakang'ono mu 1980. Powerenga anthu mu 2020 anapezamo oposa 17 miliyoni. Ambiri a iwo sanabadwiremo, anadza kudzafuna nchito. Tsono nyengo iyi ikafika mzindawo umangoti zii. Mafakitale amatseka, nyumba zodyeramo zambiri zimatseka, miseu imene masiku ena galimoto zimapanikizana imakhala pululu. Khamu lonse liri ku siteshoni. Boma limapatula masiku 40 a ulendowu, ndipo mu 2019 linawerenga maulendo pafupifupi 3,000 miliyoni. Mu 2008 cipale cofewa cinaimitsa sitima, kotero kuti anthu zikwi mazanamazana anagona pa siteshoni ya Guangzhou masiku angapo, akukana kubwerera ku malo ao a nchito.

Nanga cowaumiriza nciani? Mu 1958 boma la China linaika lamulo lakuti munthu ali yense alembedwe kwao, ndipo sukulu ndi cithandizo cina ca boma azilandira komweko. Lamulolo lafewa m'mizinda yaing'ono, koma m'mizinda yaikulu likali lolimba. Motero wanchito amasiya ana ndi ambuye ao ku mudzi, nawaona kamodzi pa caka. Akuluakulu amene akumbukira citupa ca masiku a Azungu sadzadabwa nazo izi.

Tsiku lisanafike amasesa nyumba yonse, amabweza ngongole, namata mapepala ofiira pa zitseko. Madzulo ace banja lonse limadyera pamodzi, ndipo m'nyumba zambiri nsomba sisowa, pakuti m'cinenero cao mau akuti nsomba amveka ngati mau akuti zotsala: ndiko kupempha kuti cakudya cisathe. Ana amalandira ndalama m'maenvulopu ofiira.

Pa ndalamapo ndi pamene pali bvuto. Milandu ya malipiro imaculuka masabata amenewa, makamaka pakati pa omanga nyumba, popeza munthu sangafike kwa makolo ace cimanjamanja. Ena amacita manyazi, natumiza mau akuti tikiti yasowa. Caka cimodzi cimasanduka zaka zisanu. Ku Petauke ndi ku Nyimba anthu otere ali nalo dzina lao, ndiwo machona, ndipo ambiri anayamba ucona wao ndi manyazi omwewa, osati ndi kuuma mtima. Komabe manyaziwo sadyetsa munthu. Mwezi wa Disembala m'dziko la Ansenga nkhokwe zatsika, cimanga cikali m'munda cifuna feteleza, ndipo nkhalamba yolera adzukulu ikamva basi iima pa mseu imatuma mwana kukaona ngati watsika ndi wao. Akabwera ndi thumba limodzi la ufa alandiridwa ndi nthungululu. Mphatso zazikulu zimene anaziopa palibe azifunsa.

Anthu a ku China ali nao akutali aonso, ena a iwo pakati pa omvera omwe. Kampani ya boma la China inatenga mgodi wa Chambishi mu 1998, ndi wa Luanshya mu 2009. Anchito ace amene sapeza chuti nyengo iyi amadya madyerero ao pa mgodi pomwepo, mvula iri kugwa, nalankhula ndi a kwao pa foni. Nthawi ya ku China iri patsogolo ndi maora 6. Kotero pamene ana ao aphulitsa makombola pakati pa usiku, ku Chambishi iri 6 koloko madzulo.