Munthu Wobisika M'chigoba

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene anagwira ntchito yotchuka, koma nkhope yake osaoneka. Pamene kanema wa Star Wars anatuluka m'chaka cha 1977, oonera anachita nthumanzi ndi Darth Vader, chimunthu cha zovala zakuda ndi chigoba kumaso. John Mollo, mkonzi wa zovala za m'kanemayu, analandira mphotho ya Oscar. Koma m'kati mwa chovalacho munali David Prowse wa ku Bristol, ku Mangalande. Mau ake anachotsedwa, ndipo m'malo mwake munamveka a James Earl Jones. Chigobacho chitavulidwa mu 1983, nkhope imene inaoneka inali ya Sebastian Shaw. Prowse anamwalira mu 2020, atasenza chovalacho m'makanema atatu.