Madzi Otsukira Galasi la Galimoto Akaleka Kutuluka

Nkhani ya pa wailesi kwa eni magalimoto ndi oyendetsa

Mwezi wa August ukalowa, mphepo ya cisanu itayamba kuleka, amakaniko a pa Chongwe amalandira dandaulo limodzi kucokera kwa anthu ambiri. Mwini galimoto afika nati, "Amisiri, madzi otsukira galasi aleka kutuluka, kuzizira kwa July kwandionongera galimoto." Ambiri akamva kuti injini iri bwino angoseka, nabwerera kwao osakonzetsa. Koma kanthu aka, ngakhale kaoneka kacabe, kakhoza kuphetsa anthu. Cifukwa cace nkhani ya lero iri ya timipopi tiwiri tija tokhala pa boneti, timene tiwaza madzi pa galasi lakutsogolo.

Mseu waukulu wa Great East Road ucokera ku Lusaka, nufika pa Chongwe patapita makilomita ngati 45, nupitirira ku Rufunsa ndi ku mlatho wa Luangwa, mpaka ku Petauke, Katete ndi Chipata. Ndiwo mseu umene anthu a ku migodi ya ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola ayendamo popita kwao kum'mawa pa chuthi. Kuyambira May kufikira October mvula kulibe, ndipo pfumbi lingounjikana pa galimoto. Pamene Asoli a kwa Mfumu Nkomeshya acita mwambo wao wopempha mvula wa Chakwela Makumbi, dzinja liri pakhomo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo mau awa ali oona ngakhale pa galasi. Madontho oyamba akagwera pa pfumbi, kapena lole yakutsogolo ikawaza madzi a mumseu, mawaipa apaka thope pa galasi lonse. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola iyenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akakhala masekondi atatu osaona, wapyola mamita oposa 60 ali wakhungu. Ndipo pa mtunda umenewo pakhoza kukhala ng'ombe, munthu wa njinga ya makala, kapena mwana wocokera ku sukulu.

Kodi tsono mlandu uli wa kuzizira? Madzi aundana kuzizira kukafika pa digiri 0, ndipo akaundana afufuma, kotero kuti malita 11 a madzi asanduka malita 12 a madzi oundana. Kufufuma kumeneku kung'amba timapaipi, kuswa pampu, ngakhale botolo lomwe. Izi zicitika kawiri-kawiri ku Ulaya ndi kumpoto kwa Japan, ndiponso ku Johannesburg, kumene usiku wina wa June ndi July madzi aundana panja. Koma pa Chongwe, ngakhale usiku wa miyezi imeneyi uzizira ndithu ndipo cisanu cigwa m'madambo masiku ena, nkwapatali kuti madzi a m'botolo la galimoto aundane. Cisanu cingonamiziridwa cifukwa bvuto lioneka citangotha. Adani eni-eni ali atatu.

Woyamba ndi madzi amene anthu athira m'botolo. Pansi pa Lusaka ndi madera ena ozungulira pali mwala wa laimu, wa mtundu womwewo umene apangira simenti ku Chilanga. Madzi a m'zitsime zakuya asungunula laimuyo, ndipo mai ali yense adziwa zoyera zimene zikakamira m'ketulo. Zaka zina mtsinje wa Chongwe umaphwa m'cilimwe, ndipo anthu adalira kwambiri zitsime zotere. Bowo la kampopi liri laling'ono ngati nsonga ya singano. Kadontho kakaumira pamenepo kasiya laimu, ndipo pang'ono-pang'ono bowo litsekeka. Mdani waciwiri ndi sopo waufa wocapira zobvala, amene ena athira m'botolo poganiza kuti galasi liwala. Sopoyo akakumana ndi madzi a laimu acita phala loterera, limene lidikha pansi pa botolo pamodzi ndi ndere, nilitseka kasefa ka pa pampu. Wacitatu ndi pfumbi ndi dzuwa. Pfumbi lilowa m'timabowo, ndipo timapaipi tokalamba, timene tauma ndi kutentha kwa injini, tisweka kapena kubvuka pa mfundo zace.

Pofuna kupeza pamene pabvuta, munthu asayambe ndi kugula cinthu ciri conse. Kuona maso a nkhono nkudekha. Madzi ayenda njira imodzi yokha: acokera m'botolo, alowa m'pampu ya magetsi yokhala kunsi kwa botololo, napita m'kapaipi kufikira pa timipopi. Munthu angoitsata njirayo kuyambira pa ciyambi pace.

Coyamba atsegule boneti, naone ngati m'botolo muli madzi. Civundikiro cace ciri ndi cithunzi ca galasi ndi madzi owazika. Asalisokoneze ndi botolo la madzi a rediyeta, limene siliyenera kutsegulidwa injini iri yotentha. Akadzaza botolo madzi nayamba kudontha pansi pa galimoto, ndiye kuti botolo lang'ambika, kapena mphira wa pa pampu watha.

Caciwiri ndi kuchera khutu. Atembenuze kiyi osaliza injini, ndipo mnzace akoke candodo cija ca mawaipa, iye ataima pafupi ndi botolo. Ngati palibe cimene cimveka, bvuto liri la magetsi. Ayang'ane fyuzi, imene malo ace alembedwa pa civundikiro ca bokosi la mafyuzi. Ngati yapsa, aikepo ina ya nambala yomweyo. Kumangapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya ndiko kuitana moto m'galimoto. Fyuzi ikakhala yabwino, aone ngati mawaya a pa pampu sanacite dzimbiri kapena kusoloka. Zonsezi zikakhala bwino, kawiri-kawiri pampu ndiyo yafa, ndipo apo m'pamene pafunika makaniko.

Cacitatu, ngati pampu ilira koma madzi satuluka, magetsi alibe mlandu. Pena pace patsekeka kapena pang'ambika. Asaliritse pampu nthawi yaitali popanda madzi, pakuti itentha nipsa. Acotse kapaipi kunsi kwa kampopi, mnzace nakokenso candodo. Madzi akatuluka mwamphamvu m'kapaipi, wolakwa ndi kampopi. Akapanda kutuluka, atsate kapaipi kubwerera m'mbuyo, makamaka pamene boneti ipindikira, pakuti pamenepo m'pamene kapaipi kapsinjika kapena kuthyoka. Pa magalimoto ambiri pali kavalavu kakang'ono pakati pa kapaipi koletsa madzi kubwerera, ndipo nakonso katsekeka. Ngati madzi satuluka ngakhale pa pampu penipeni, asolole pampu, atsuke kasefa kace, nakhuthule botolo lonse ndi kulitsukuluza kufikira madzi atayera.

Cacinai ndi kutsegula kampopi. Kaphini kakang'ono kakwanira kucotsa zotseka pa bowo, koma pafunika dzanja lofatsa. Msomali kapena waya wonenepa ukulitsa bowo, ndipo madzi angocuruka osafika pa galasi. Laimu akalimba, acotse kampopi nakabviike m'viniga kwa ola limodzi kapena awiri, nakapopere mpweya kucokera ku bowo kuti zinyalala zibwerere kumene zinacokera. Magalimoto ena atsopano ali ndi timipopi towaza madzi motambasuka ngati nkhungu. Timeneti sitifuna phini ai, koma kubviika kokha kapena kusintha. Pa timipopi ta mtundu wakale, phini yomweyo ilungamitsa madzi kuti agwe pakati pa galasi kapena pamwamba pang'ono, pakuti galimoto ikathamanga mphepo iwatsitsa.

Koma bwanji za iwo amene apita kumene kuzizira kweni-kweni, monga oyendetsa malole ndi mabasi a ku Johannesburg? Iwo ayenera kuthira mankhwala otsukira galasi ogulitsidwa pa malo omwetsera mafuta, asankhe amene pa botolo lace palembedwa kuti aletsa kuundana. Madzi akaundana, asakakamize pampu. Aimike galimoto padzuwa adikire. Asathire madzi owira pa galasi lozizira, pakuti ling'aluka. Mankhwala a m'rediyeta sayenera kulowa m'botolo ili, cifukwa apaka mafuta pa galasi ndipo aononga penti. Ndiponso mankhwala otsukira galasi ali ndi spiriti, ndipo ena ali ndi ya mtundu wa methanol, imene icititsa khungu ndi kupha munthu akaimwa. Asungidwe kutali ndi ana, ndipo asathiridwe m'botolo la zakumwa.

Kwa munthu wa kuno, malangizo ali ocepa. Athire madzi oyera, makamaka a mvula osefedwa pa nsalu, pakuti alibe laimu, pamodzi ndi mankhwala pang'ono monga mwalembedwa pa botolo. Awaze madzi kamodzi pa sabata ngakhale m'cilimwe, kuti timabowo tisaume. Asayendetse mawaipa pa galasi louma la pfumbi, pakuti mcenga ukanda galasi, ndipo zikandezo zithobwa m'maso usiku pokumana ndi nyali za magalimoto ena. Mphira wa mawaipa ukang'ambika ndi dzuwa, ausinthe cizimalupsa cisanagwe.

Nchito yonseyi siitenga nthawi yaitali, ndipo zipangizo zace ndi phini, viniga, ndowa ya madzi ndi mnzace womuthandiza. Munthu amene wasunga ndalama caka conse ku mgodi kuti akaone makolo ku mudzi amayesa matayala, mabuleki ndi mafuta asananyamuke. Ayesenso madzi a pa galasi ali pakhomo pace, asanadutse pa Chongwe ndi kuyamba mapiri ndi makhota otsikira ku Luangwa, kumene woyendetsa afunika maso ace onse awiri.