Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wodzala Mitengo ku Chinguluwe

Gogo Chalo, mafumu onse amene mwakhala kutsogoloku, a khansala, alangizi athu a zaulimi ndi a zankhalango, abusa ndi mashehe, amayi ndi abambo, nanunso ana a sukulu, ndakulemekezani nonse.

Mbande zili apo zikudikira, koma ndisanagwire khasu ndiloleni nditule nkhani ina imene ikundisowetsa tulo.

Za kusintha kwa nyengo simungauzidwe ndi mlendo. Akuluakulu amene mwakalambira m'minda ya thonje pa sikimu ino ndinu mboni kuti kale mvula yodzalira inali ndi nthawi yake. Lero mumadzala, mbewu n'kumera bwinobwino, kenako ng'amba ya masabata atatu, chimanga n'kupota masamba ngati anyezi. Mu Marichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, pomwe chaka chomwecho nyanja idakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Senga Bay.

Tsono kumayiko olemera, kumene utsi wa mafakitale ndi magalimoto awo ndiwo watenthetsa dziko, kuli anthu amene akuti apeza njira yachidule. Akuti ndege zizikwera makilomita pafupifupi 20 m'mwamba n'kumamwaza fumbi la salufa, kuti litchinge dzuwa pang'ono dziko lizizire. Nzeruyi adaionera pa phiri la Pinatubo ku Philippines. Litaphulika mu 1991, utsi wake udafalikira mumlengalenga, dziko lonse n'kuzizira ndi pafupifupi theka la digiri. Kutheka kokha n'kotheka ndithu. Koma ofufuza adapezanso kuti mu 1992 mvula yogwa pamtunda idachepa padziko. Chilala chathu cha chaka chimenecho chidadza ndi El Niño, komabe inu amene mudadya nsima ya chimanga chachikasu cha thandizo mukudziwa kulemera kwa mawu oti mvula yachepa. Dzuwa limene akufuna kutchingali ndi lomwe limakweza nthunzi m'nyanja kuti mitambo ipangike. Ndi lomwenso tikukolola pa Nanjoka pompa, pamene makina a sola a mamegawati 60 akupereka magetsi kuchokera mu 2021.

Chondiopsa kwambiri ndi ichi. Fumbilo limagwa pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, pomwe mpweya woipa umene watenthetsa dziko umakhala m'mwamba zaka mazanamazana. Ukayamba kumwaza, sungalekenso. Tsiku limene ndegezo zidzaime chifukwa cha nkhondo kapena kutha kwa ndalama, kutentha konse kumene kudabisidwa kudzatigwera nthawi imodzi. Imeneyi ndi ngongole ya katapila, ndipo odzabweza ndi ana avala yunifomu awa.

Gogo Chalo, makolo athu mvula ikasowa ankapita ku Msinja kwa Makewana kukapempha m'malo mwa anthu onse, chifukwa ankadziwa kuti thambo lilibe mwini pansi pano. Masiku ano mvula ikachedwa timamva kuti agogo ena osalakwa anamiziridwa kuti amanga mvula, ena mpaka kumenyedwa. Khalidwe limeneli n'lonyansa, mafumu mulithetse. Koma tsiku limene dziko lina lidzasunthe mvula yathu ndi ndege zake, thonje n'kuyoyola maluwa kuno ku Chinguluwe, mlanduwo tidzakautula pa bwalo la mfumu iti? Adzatilipira ndani?

Musayese kuti n'zakutali. Mu 2022 kampani ina ya ku America idaulutsa mabaluni a salufa ku Mexico osapempha eni dziko, ndipo mu Januwale 2023 boma la Mexico lidalengeza kuti liletsa zimenezi. Mu Ogasiti chaka chomwecho nduna za zachilengedwe za mu Africa zidakumana ku Addis Ababa n'kupempha pangano loti njirayi isagwiritsidwe ntchito. Ine ndili nazo limodzi ndunazi. Walira mvula walira matope, koma pa nkhani iyi wolira mvulayo ndi wina, matope adzaponda ndife. Amene adadetsa mlengalenga achepetse utsi kwawoko, ndipo atithandize ndi ndalama za ulimi wothirira ndi mbewu zopirira ng'amba.

A khansala, uthengawu mukaupereke kwa a phungu athu ukafike ku Lilongwe: anthu a ku Chinguluwe akuti munthu asakhudze dzuwa asanafunse mlimi. Ifeyo tichite mbali yathu. Mbande iliyonse imene tidzale lero ikhale ndi mwini wake, itchingidwe ndi minga kuopa mbuzi, ndipo tilambule moizungulira moto wolusa usanayambe.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti ntchito yodzala mitengo kuno ku Chinguluwe yayamba.