THANDIZO LA ASILIKALI AKALE OLUMALA

Mau amene anakambidwa kwa ophunzira a sukulu ya kwacha pa Thuchila, m'boma la Mulanje

Lero tikambirana za asilikali akale amene anavulala ali pa ntchito, ndi za thandizo limene ayenera kulandira.

Mwina wina anena kuti, "Ine sindinali msilikali, nkhaniyi indikhudza bwanji?" Taganizani bwino. Kodi m'mudzi mwanu mulibe mayi wamasiye amene amuna ake anali msilikali? Kodi mulibe bambo wotsimphina amene anabwera nacho chilonda kuchokera ku nkhondo? Anthu ameneŵa ndi abale athu.

Nkhondo zimene anthu athu anapitako

Makolo athu analoŵa gulu la King's African Rifles, limene iwo ankalitcha Keyala. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anamenyana ndi Majeremani ku Karonga ndi ku Tanganyika. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anafika ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Titalandira ufulu mu 1964, tinakhala ndi asilikali athuathu, amene lero timati Malaŵi Defence Force. Kuyambira mu 1987 iwoŵa analondera njanji ya ku Nacala pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Mozambique. Pambuyo pake anapita kukasungitsa mtendere ku Congo. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kumeneko pafupi ndi tauni ya Beni.

Amene anabwerako si onse anabwera bwino. Wina alibe mwendo. Wina makutu anagontha ndi phokoso la mizinga. Wina thupi lili bwinobwino, koma usiku sagona, amangodzidzimuka ndi kufuula. Kumenekonso ndi kuvulala, ndipo kumafuna dokotala.

Makomo atatu

Msilikali wovulala akafuna thandizo, sikuti akupemphetsa ayi. Anagwira ntchito, ndipo ntchitoyo inamlanda chiŵalo. Pali makomo atatu amene angathe kugogodapo.

Khomo loyamba ndi la asilikali eni ake. Nkhani za penshoni ndi za chipepeso cha kuvulala zimayambira kumeneko, chifukwa ndi kumene kuli mabuku a msilikali aliyense. Likulu lao lili ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe. Kufupi ndi ife kuli Cobbe Barracks ku Zomba. Madokotala amampima munthu ndi kulemba kukula kwa chilema chake. Ngati anavulala pa ntchito ya United Nations, bungwelo limapereka chipepeso, koma pempho lake limadzera ku boma lathu. Munthu salemba yekha kalata ku New York.

Khomo lachiŵiri ndi bungwe la asilikali akale lotchedwa VELOM, limene kale linkatchedwa CELOM. Mwezi wa Novembala mumaona anthu atavala kaduŵa kofiira pachifuwa. Ndalama zogulira maluŵa amenewo ndi zothandizira asilikali akale. Ku Britain kulinso bungwe la Royal Commonwealth Ex-Services League. Ilo limathandiza amene anagwira usilikali dziko lisanalandire ufulu, pamodzi ndi akazi ao amasiye. Ku Zomba kuli nyumba zimene anamangira asilikali okalamba osoŵa poti n'kukhala.

Khomo lachitatu ndi la munthu aliyense wolumala, kaya anali msilikali kaya ayi. Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Mulanje. Kumeneko adzakuuzani za bungwe la MACODA, limene kale linali MACOHA. Adzakuuzaninso za Mtukula Pakhomo, thandizo la mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito. Miyendo yochita kupanga imapezeka ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Pepala ndiye mboni

Tsono mvetsetsani apa. Pa makomo onsewo sadzangoyang'ana chipsera chanu. Adzafuna mapepala. Chipsera sichinena kuti ichi n'cha bomba kapena n'cha nkhwangwa. Pepala ndilo limanena.

Sungani zinthu izi:

1. Nambala ya usilikali, ndi dzina la gulu limene munalimo.
2. Kalata imene anakupatsani potuluka usilikali.
3. Makalata onse a ku chipatala, ngakhale akale.
4. Chiphaso cha unzika.
5. Kwa mayi wamasiye, kalata ya ukwati ndi kalata ya imfa, kapena kalata ya a mfumu yochitira umboni.

Ndikuuzeni za malume anga. Iwo anavulala phazi akulondera njanji ija ya ku Nacala. Mapepala ao ankasunga m'sutukesi pansi pa bedi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba, madzi natenga sutukesi yonse. Malume anakhala miyezi osanena kanthu, ati, "Basi, usilikali wanga wapita ndi madzi." Tsiku lina ndinaŵafunsa kuti, "Malume, nanga nambala yanu mukuikumbuka?" Iwo anaimirira njo, naitchula yonse osaphonya. Msilikali saiŵala nambala yake! Ndi nambala yomweyo dzina lao linapezeka m'mabuku. Koma akadamwalira asanaitchule, akazi ao akadayambira pati?

Nchifukwa chake nditi, mukafika ku nyumba lero, tengani pensulo. Funsani nambalayo, muilembe m'kope lanu. Muilembenso pena, mukasungitse kwa mbale. Mapepala akulungeni m'pulasitiki ndi kuŵaika pamwamba. Mukapita pa boma, kachititseni fotokope.

Chenjerani ndi akamberembere

Pali anthu ena ovala bwino amene amayenda m'midzi. Amati, "Ndipatseni mapepala anu ndi kangachepe, ndikakutengereni ndalama zanu." Musalole. Pitani nokha, kapena pitani ndi mwana wanu amene mumamkhulupirira. Mukafika pa ofesi, funsani dzina la amene akukuthandizani. Lembani dzinalo ndi tsiku lake. Akafuna pepala loti litsale, siyani fotokope. Ngati afuna lenileni, akupatseni kalata yosonyeza kuti alandira.

Musasaine pepala musanaliŵerenge. Kale tinkangodinda chala osadziŵa chimene tavomera. Lero mwaphunzira. Ŵerengani pang'onopang'ono. Ngati lili m'Chingerezi, pemphani kuti akumasulireni. Musachite manyazi, paja akulu anati safunsa anadya phula.

Mau kwa amayi amasiye

Msilikali akamwalira, ndalama zimene wasiya ndi zothandiza mkazi wake, ana ake ndi ena amene iye ankaŵasunga. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 likuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Wina akakuvutitsani, kanenani kwa a mfumu, kwa a DC kapena ku polisi.

Pomaliza, nkhani za m'maofesi zimatenga nthaŵi. Mwina mudzapita kaŵiri kapena katatu. Musataye mtima, kuona maso a nkhono n'kudekha. Uthengawu mukaufikitse kwa amene sanabwere.

Mafunso

1. Tchulani makomo atatu amene msilikali wolumala angathe kugogodapo.
2. Kodi n'chiyani chinathandiza malume aja mapepala ao atapita ndi madzi?
3. Muyenera kuchita chiyani musanasaine pepala?
4. Lembani kalata yaifupi yopempha thandizo m'malo mwa msilikali wakale wa m'mudzi mwanu.