Chikwangwani Ndi Chanu, Njira Ndi ya Tonse

Lero tikambirane za zikwangwani zimene eni magolosale, matelala ndi ophika zakudya amaimika panja m'mawa ndi kulowetsa madzulo.

Gawo 29 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda. Koma ufulu umayenda pamodzi ndi udindo. Khonde la sitolo ndi lanu, koma njira ya oyenda pansi ndi ya tonse. Chikwangwani chikatseka njira, wakhungu amapunthwa, wa njinga ya olumala amasowa podutsa, ndipo ana asukulu amatsikira mumsewu wa galimoto. Kodi phindu lathu liposa moyo wa mwana?

Lamulo la Maboma Ang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'madera mwawo. Choncho tichite izi:

1. Musanaimike chikwangwani, kafunseni ku khonsolo ngati pafunika chilolezo. Musangodalira laisensi ya bizinesi. Safunsa anadya phula.

2. Auzeni kukula kwa chikwangwanicho ndi malo amene mufuna kuchiimika.

3. Mukalipira, landirani lisiti. Ndalama yopereka kumbali popanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse achimwa.

4. Akakulandani chikwangwani mopanda chilungamo, musachite ndewu. Kadandauleni kwa khansala wanu, pakuti munamusankha ndinu.

Ku mphakati sabata ino tikafunsane: kodi pamsika pathu wakhungu angadutse yekha osapunthwa? Ngati ayi, tiyambe ndife Akhristu kukonza.